Alamu Anabwera ndi Mfuti

Nelia ankapeza chakudya chifukwa chodziwa kuopseza anthu. Ankagwira ntchito pa kakampani kopanga magemu a pa kompyuta ku Glasgow, m'chinyumba chakale cha njerwa kufupi ndi mtsinje wa Clyde, ndipo gawo lake linali la phokoso. Chilichonse chimene munthu amamva akavala mahedifoni n'kuyamba kusewera, kaya kulira kwa chitseko, kaya wefuwefu wa munthu wothamanga, chinkachokera pa desiki pake.

Gemu yawo yoyamba inali ya namwino wotsekeredwa yekha m'chipatala chakale magetsi atazima. Namwinoyo analibe chida chilichonse, koma katochi komwe mabatire ake sankachedwa kutha. M'chipatalamo munali chinthu chimene chinkamulondola, koma chinthucho sichinkaoneka ngakhale pang'ono. Wosewera ankangochimva chikubwera. Ndipo chimene ankamvacho anali mapatapata akale a Nelia, amene iye anawakhwekhwereza pa masitepe amiyala a nyumba yawo ku Dennistoun, Loweruka lina anzawo a pamwamba atapita kumpira, maikolofoni ataimangirira pa chitsulo chogwirira. Phokosolo anangolichedwetsa n'kulinenepetsa pang'ono, basi. Azibambo a ndevu zawo ankavula mahedifoni n'kuyamba kucheuka m'chipinda chawo chomwe.

Gemuyo sinagulidwe kwambiri, koma amene anaigula anaikonda zenizeni. Ankalemba pa intaneti kuti anaisiya pakati chifukwa mtima unkafuna kutuluka, kenako n'kuibwerera mawa lake. Nelia ankawerenga zimenezi ali m'basi pobwerera kunyumba, akumwetulira yekha ngati munthu amene watola chinthu.

Fryson anali mwamuna wa mng'ono wake, Yvonne. Fryson anakhala zaka zambiri ku Dundee akupanga magemu a nkhondo, a asilikali othamanga m'zipululu ndi m'mizinda yophwasuka. Kampani yake itachepetsa antchito, banjalo linasamukira ku Govanhill, m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo ya ndiwo zamasamba. Miyezi inadutsa Fryson ali pakhomo. Tsiku lina Yvonne anafika ku Dennistoun atavala yunifolomu yake ya kunyumba yosamalira okalamba, nakhala pampando osavula ndi jekete lomwe.

“Achemwali, munthu uja akutha,” anatero. “Akungodzuka, kukhala pa kompyuta, kugona. Kodi kwanu kuja palibe ngakhale kakuti azigwiragwira?”

Nelia anapita kwa Carol, mwini kampaniyo, mzimayi wa ku Glasgow konko, woyankhula mothamanga ndi wosakonda zozungulira. Anamuuza kuti ali ndi mlamu wake wodziwa ntchito, wofatsa, wosavuta. Carol anamulemba ntchito Fryson kuti azikonza zing'onozing'ono za m'gemu, zitseko zotseguka molakwika ndi zikepe zoima pakati. Kuofesi awiriwa ankayankhulana Chingerezi n'kumatchulana maina ngati wina aliyense. Akangotuluka panja, ulemu unkabwerera, aliyense n'kukhalanso “alamu” kwa mnzake.

Nkhani inasintha pamene anayamba kukonzekera gemu yachiwiri. Kampani yaikulu ya ku London, imene inkagulitsa magemu awo, inatumiza mawu, ndipo Carol anaitanitsa onse kuti amve.

“Akuti mantha okha sakugulitsa,” anatero Carol. “Anthu ambiri ogula magemu ndi aja osewera za asilikali. Amafuna chogwira m'manja, amafuna kuwombera, amafuna kusewera ndi anzawo. Akuti tikapanda kuwakopa amenewo, yachiwiriyi tiiwale.”

Nelia anayamba kufotokoza kuti munthu wogwira mfuti saopa mdima, ndipo chinthu ukangochiona n'kuchiwombera, chasanduka nyama wamba. Anthu ankagwedeza mitu, chifukwa onse ankadziwa kuti akunena zoona. Asanamalize, Fryson anakweza dzanja mwamanyazi.

“Pali kena kake kamene ndakhala ndikuseweretsa nthawi ya nkhomaliro,” anatero. “Si kakuti n'kutengera. Koma mwina muone.”

Analumikiza kompyuta yake ku sikirini ya pakhoma. Panaoneka khonde lomwe lija la chipatala, matailosi omwe aja, namwino yemwe uja. Koma m'manja mwake munali mfuti. Kumapeto kwa khonde kunatulukira chimunthu chachitali chotuwa, chokoka mwendo umodzi, ndipo pansi pake pankamveka mapatapata a Nelia. Namwino anawombera, chimunthucho chinagwa chagada n'kugubuduza bedi la odwala. Chipinda chonse chinaphulika ndi chiseko. Mnyamata wojambula zithunzi anafuula kuti amupatse ayeseko. Ngakhale Carol anaomba m'manja.

Nelia sanayang'ane sikirini. Anayang'ana nkhope ya mlamu wake, imene inkawala ngati ya mwana amene wachinya chigoli. Chinthu chimene iye anachisunga mumdima kwa zaka, osalola ngakhale chala chake kuoneka, Fryson anachipatsa thupi pa nthawi ya nkhomaliro, n'kuchipha pamaso pa onse.

Sabata yotsatira Carol analengeza kuti Fryson ndiye atsogolere gemu yachiwiri. Nelia anali asanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake, kuti mpando umenewo ankauyembekezera. Ankangoona kuti n'zodziwikiratu. Anadzuka, nakamugwira chanza Fryson pamaso pa anthu, n'kupita kuchimbudzi komwe anakaima nthawi yaitali akusamba m'manja moyera kale.

Lamlungu kutchalitchi, mapemphero atatha, anthu ali pa tiyi m'holo, abambo Bonface, mkulu wa mpingo, anagogoda kapu ndi sipuni. Anati pali nkhani yabwino, mwana wa kwathu wakwezedwa, tsopano ndi bwana wolamulira azungu pa kampani ya makompyuta. Amayi analuluta. Yvonne anabisa nkhope m'manja uku akuseka. Nelia anali ndi tiipoti m'manja, akuthirira anthu tiyi, pamene amayi Sylvia, a m'kwaya, anamuyandikira n'kumugwira pamkono.

“Inu ndiye muli ndi mwayi, mayi,” anatero. “Ndamva kuti nanunso muli komweko. Alamu anu anachita bwino kukupezerani malo. Ena akakwera amaiwala abale.”

Nelia anatsegula pakamwa, koma anaona kuti akayamba kufotokoza, mawu ake atuluka ndi minga, ndipo holo yonse imva. Anangoti, “Zoonadi, amayi,” n'kuthira tiyi mpaka kusefukira m'sosala.

Koma chimene chinamulasa kwambiri chinachitikira m'nyumba mwake. Mwamuna wake, Goodson, anali injiniya wa za madzi, munthu woti magemu ankawatenga ngati zoseweretsa za ana. Gemu yoyamba ija anaiyesa kamodzi kokha. Anayenda m'khonde mwa mdima kwa kanthawi, n'kufunsa kuti kodi chichitike liti, kenako n'kuvula mahedifoni kuti akaone ngati mpunga wapsa. Nelia anaseka tsiku limenelo, nadziuza kuti si aliyense amene angamve zimenezi.

Tsopano Lamlungu lililonse masana, banja la ku Govanhill likabwera kudzadya, Fryson ankabwera ndi laputopu yake. Mbale zisanachotsedwe n'komwe, azibambo awiriwo anali atakhala kale kutsogolo kwa wailesi ya kanema, aliyense ndi kontorola yake yosewerera gemu.

“Kumbuyo kwanu, achimwene! Kumbuyo!” ankafuula Fryson.

“Ndachiona! Chagwa! Eee, koma inu muli ndi mutu,” ankayankha Goodson, atakhala kunsonga kwa mpando, magalasi atatsetsereka mpaka pamphuno.

Nelia ankamva zonsezi ali kukhitchini ndi Yvonne. Pakati pa kufuula kwawo pankamveka mapatapata ake, osati awiri okha ngati kale, koma ambirimbiri, chifukwa tsopano zimunthu zija zinkabwera m'chigulu. Palibe ankawamvetsera. Anali ngati phokoso la firiji.

“Sindinawaonepo alamu a Goodson akusangalala chonchi,” anatero Yvonne akupukuta mbale. “Achemwali, Mulungu akudalitseni. Munthu wanga uja wabwerera.”

Nelia anayankha kuti palibe chothokozera. Anatsuka poto mmodzi yemweyo mpaka manja anafiira. Madzulo alendo atapita, Goodson anati, uku akuvula nsapato, “Tsopano iyi ndiye gemu. Ija yanu inali yabwino, koma munthu sunkadziwa chochita.” Sanaone n'komwe kuti mkazi wake wasiya kupinda nsalu ya patebulo.

Kuntchito, Fryson sankadzikweza, ndipo zimenezi zinkamupsetsa mtima Nelia koposa. Akanakhala wamwano, bwenzi pali pogwira. Koma ankabwera pa desiki pake mwaulemu, n'kukoka kampando, n'kufunsa maganizo ake pa chilichonse. Tsiku lina anabwera ndi pempho lalikulu. Mumzindamo munkakonzedwa chionetsero cha magemu, ndipo bwana wa ku London ankabwera kudzaona pamene afika.

“Ndikufuna mfuti yoti ikalira, munthu aimve pachifuwa,” anatero Fryson. “Zimene ndaikamo pano n'zongogwirizira. Palibe wina angaipange koma iwe, Nelia.”

Nelia anaigwira ntchitoyo monga ankagwirira ntchito iliyonse. Anakwera sitima kupita kunja kwa mzinda, kumalo kumene anthu amaphunzirira kuwombera, naima m'matope tsiku lonse ndi maikolofoni ake. Atabwerako anasakaniza kulira kwa mfutiyo ndi kumenyetsa kwa chitseko cha chitsulo, naikamo kulira kwa katsulo ka chipolopolo kakugwa pa matailosi, ndi kubwerera kwa phokoso m'khonde lalitali lopanda anthu. Atamaliza anavala mahedifoni n'kuwombera kamodzi. Mapewa ake anadumpha okha. Inali yabwino kuposa china chilichonse chimene anapangapo.

Anayang'ana sikirini. M'maganizo mwake ankaona bwana wa ku London akuvula mahedifoni n'kumusisita Fryson paphewa. Ankaona abambo Bonface akugogodanso kapu ndi sipuni. Ankamva Goodson akuti, “Koma inu muli ndi mutu.”

Masana a tsiku lomaliza, anthu ali piringupiringu kulongedza makompyuta opita kuchionetsero, Nelia anatenga sitepula yomangira mapepala ya pa desiki pake, naikanikiza pafupi ndi maikolofoni. Anaonjezerapo kaphokoso ka chivundikiro cha bokosi la chakudya. Zimenezo ndizo anaika m'gemu, mfuti yeniyeni ija n'kuisunga pambali. Fryson atadutsa n'kufunsa ngati zonse zili bwino, iye anakweza chala chachikulu osatembenuka.

Chionetserocho chinachitikira m'chiholo chachikulu m'mbali mwa mtsinje. Malo awo anali aang'ono, makompyuta ochepa ndi chikwangwani chimodzi. Pafupi nawo panali malo a kampani ina yotchuka ya magemu a nkhondo, okhala ndi masipika aakulu ngati zitseko ndi anyamata ovala zausilikali ogawa zipewa. Mzere wa anthu ofuna kusewera kumeneko unapindika mpaka kudutsa kutsogolo kwa tebulo la Nelia ndi anzake. Ena otopa ndi kudikira ankapatuka n'kudzayesa gemu ya chipatala.

Woyamba anali wophunzira wa kuyunivesite wa tsitsi lobiriwira. Anavala mahedifoni, nayenda m'khonde, chimunthu chinatulukira, iye n'kuwombera. Anaima. Anawomberanso, kenako anaseka n'kuitana mnzake.

“Tabwera udzamve! Mfuti yake ikulira ngati ya chidole!”

Anaseka onse awiri, nawombera m'makoma mongosewera, n'kubwerera kumzere kwawo. Obwera pambuyo pake anachitanso chimodzimodzi. Fryson anatenga mahedifoni, namvetsera, nkhope yake n'kuuma. Nthawi yosintha panalibe, chifukwa bwana wa ku London anali atafika kale, akugwirana chanza ndi Carol.

Bwanayo anasewera kwa kanthawi kochepa. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono, nawaika patebulo, n'kumuyang'ana Fryson.

“Tinagwirizana kuti tikufuna anthu awo,” anatero akuloza mzere uja. “Ukuganiza kuti angasiye zimene zili uko chifukwa cha ichi?”

Nelia anali ataima kuseri kwa chikwangwani, akukonza nthambo zimene zinali bwinobwino. Anamva kukoma kukuyenderera m'thupi mwake, kotentha, kochokera m'mimba mpaka kumasaya. Sanachite manyazi nako pa nthawiyo. Anamva Fryson akuyankha motsitsa mawu, ndipo Carol akumuthandiza, koma mawu enieniwo sanawagwire.

Bwanayo atachoka, panafika mzimayi wachikulire ndithu, wovala malaya amene anajambulapo yekha katochi. Sanakhale pansi kuti asewere. Anaima n'kumayang'ana sikirini, pomwe namwino ankathamanga ndi mfuti.

“Chinthu chija mwachiikiranji nkhope?” anafunsa. “Ine ndinagwira ntchito m'zipatala moyo wanga wonse. Phokoso lija ndinkalidziwa. Mwachiikiranji nkhope?” Kenako anawerenga baji ya pachifuwa pa Fryson, naona kuti ndiye mtsogoleri. “Koma ndinu amene munapanga yoyamba ija eti? Ndilembereni dzina lanu pamalayapa. Yoyamba ija sindidzaiwala.”

Anatulutsa cholembera. Nelia anamva kukoma kuja kukuzimiririka. Ngakhale ichi chomwe chikupita kwa iyeyu? Koma Fryson sanalandire cholemberacho.

“Si ine, mayi,” anatero. “Phokoso limene mukunenalo anapanga ndi awo.”

Mzimayiyo anamugwira Nelia manja onse awiri, namuuza za wodi ina imene anagwiramo ali mtsikana, ya khonde lalitali chimodzimodzi. Nelia analemba dzina lake pansi pa katochi kaja. Atadzutsa mutu anapeza Fryson akuwayang'ana, ndipo m'maso mwake munali chinthu chimene Nelia anachizindikira msanga, chifukwa ankachiona pagalasi m'mawa uliwonse.

Nthawi yopuma itakwana, Fryson anati akufuna mpweya, napempha Nelia kuti amuperekeze. Anatulukira khomo la kumbuyo, kumene magalimoto amatsitsira katundu. Kunkagwa mvula yowaza, ndipo mtsinje unali wotuwa ngati thambo. Apa Fryson anasiya Chingerezi.

“Alamu, mfuti ija mwaiika kuti?”

“Ili momwemo. Simunaimve?”

“Ndikunena yeniyeni. Lachitatu mutapita kukatenga tiyi ndinavala mahedifoni anu. Ndinaimva. Ndinapita kunyumba ndikuimba nyimbo, Yvonne mpaka anandifunsa ngati ndamwa.”

Nelia anayang'ana madzi. Mbalame yoyera inkalimbana ndi pepala la tchipisi pafupi ndi bini.

“Bwana uja ndamuuza kuti ndine ndasokoneza mafayilo polongedza,” anapitiriza Fryson. “Carol nayenso akudziwa choncho.”

“Ndinakupemphani kuti mundibisire?”

“Sindinachitire inu. Ndachitira Yvonne. Mukufuna Lamlungu tidzakhale bwanji patebulo limodzi?”

“Patebulo?” Mawu a Nelia anakwera. “Patebulo panga pomwe mumadzakhala n'kumawombera chinthu changa, mwamuna wanga akukuomberani m'manja? Ndinakutengani muli pakhomo, alamu. Ndinakakupempherani ntchito ya zitseko. Lero kutchalitchi akuti inu ndi amene munandipezera malo.”

“Zimenezo sindinanene ndine.”

“Koma simunatsutse.”

Fryson anapukuta mvula kumaso ndi chikhatho. “Akanapanda kuona mfuti, a ku London aja akanatitsekera. Inu mukudziwa. Tonse bwenzi tili pakhomo.”

“Musandiuze ngati munakakamizidwa. Ndinakuonani nkhope tsiku lija. Munasangalala.”

“Inde, ndinasangalala,” anatero Fryson, ndipo kanali koyamba Nelia kumumva akukweza mawu. “Kodi ndi tchimo munthu kusangalala ndi chimene amadziwa? Ine ndimadziwa mfuti, alamu, palibenso china. Zaka zonse zija ku Dundee, magemu anga anaseweredwa ndi anthu ochuluka kuposa amene anamvapo za chipatala chanu. Koma munaona wina atabwera ndi malaya ojambula yekha kudzandifuna ine? Muofesi muja aliyense amati gemu yeniyeni inali yanu, ine ndine wobwera kudzaigulitsa. Mukuganiza kuti sindimva?”

Nelia ankafuna kuti mawuwo amufewetse mtima, koma chimene anamva chinali china. Zinamukomera kuti Fryson nayenso zimamuwawa. Anaima choncho mpaka jekete zinanyowa, kenako Fryson anayang'ana foni yake n'kunena m'Chingerezi kuti nthawi yatha, abwerere.

Lolemba m'mawa Nelia anabwezeretsa mfuti yeniyeni ija, natumiza kwa Carol ndi kwa bwana wa ku London popanda mawu ena alionse. Bwanayo anayankha tsiku lomwelo kuti tsopano zayamba kumveka. Za sitepula sizinatchulidwenso. Lamlungu banja la ku Govanhill linkabwerabe, koma laputopu inasiya kubwera, ndipo Goodson atafunsa, Fryson anati zinthu za kuntchito zizikhala kuntchito. Goodson anadandaula kwa masabata angapo.

Gemuyo inatuluka chaka chotsatira, ndipo inagwera pakati. Osewera za asilikali anati ndi yochedwa, makonde ndi opanikiza, adani ndi amtundu umodzi. Okonda yoyamba ija anati agulitsidwa. Nelia ankawerenga madandaulo awo m'basi, ndipo ena ankawabwereza kawiri. Koma olemba za magemu onse anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mfuti ya m'gemuyo inkalira mochititsa nthumanzi, kuposa ya m'magemu ambiri a makampani akuluakulu. Wina analemba kuti zikuonekeratu kuti mtsogoleri wake anakulira m'magemu a nkhondo. Dzina la Nelia linali kumapeto kwa gemu, pamndandanda umene anthu amaudumpha.

Sipanapite nthawi, kampani ina yaikulu ya ku Canada inamuitana Fryson, ndipo iye anavomera. Carol nayenso anasiyana ndi a ku London, nachepetsa antchito, n'kuuza Nelia kuti atsogolere kagemu kakang'ono ka mantha okhaokha, ndi anthu ochepa amene anatsala. Unali mpando womwe uja ankaufuna. Anaulandira mu ofesi imene theka la madesiki ake linali lopanda anthu, ndipo kutchalitchi nkhani imene inamveka inali ya ku Canada.

Tsiku losamuka, Nelia ndi Goodson anapita ku Govanhill kukathandiza. Katundu wambiri ankapita kwa anthu a kumpingo, ndipo mpando wa sofa unali woti upite kwa banja lina longofika kumene kuchokera ku Zomba. Goodson anatsika kukasuntha galimoto imene inatsekereza khomo la sitolo, Yvonne anali m'kati akukulunga makapu m'manyuzipepala, choncho mpandowo unatsalira Nelia ndi Fryson. Fryson anagwira kumunsi, Nelia kumtunda. Pokhota pa masitepe mpandowo unakanirira pakati pa khoma ndi chitsulo, osapita kutsogolo, osabwerera. Anayesa kuupendeketsa, anayesa kuuimika, mpaka onse awiri anautula n'kutsamira khoma akupuma mwawefuwefu.

“Ofesi ya ku Canadayo ndi yaikulu bwanji?” anafunsa Nelia.

Fryson anazengereza. “Ndi yaikulu ndithu.”

“A phokoso ali ndi chipinda chawochawo?”

“Ali ndi nsanjika yonse. Muli chipinda china chimene pansi pake anagawa zigawozigawo, apa miyala, apa matabwa, apa mchenga, apa madzi. Munthu umangoyendapo n'kujambula.”

“Muli ndi chithunzi?”

Fryson anatulutsa foni, naipereka pamwamba pa mpandowo. Nelia anachikuza chithunzicho ndi zala. Anaona makoma ofewa otchinga phokoso la kunja, maikolofoni olendewera kudenga, mashelefu odzaza nsapato za mitundu yonse, ndi mtsikana wina wamng'ono kwa iye ataima pamiyala atavala mahedifoni, akuseka. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka sikirini inazima yokha.

Kuchokera m'nyumba Yvonne anafuula kuti kodi mpando umodzi womwewo mpaka liti, anthu akudikira.

Nelia anabweza foniyo. “Kuzizira kwa kumeneko simukakupirira, alamu,” anatero. “Inu amene mumadandaula ndi ka mphepo ka kuno komwe.”

“Mwina,” anatero Fryson.

“Si mwina. Tagwirani bwino kumunsiko. Tiuchotse miyendo, apo ayi sudutsa.”